Mapepala awiri a Paul Nurse

Paul Nurse analemba mayeso a Chifalansa maulendo 6, ndipo ulendo uliwonse ankalephera. M'zaka za m'ma 1960 mayunivesite ambiri a ku Britain sankalandira mwana amene sanakhoze chinenero chimodzi chachilendo pa O-level, kaya mwanayo akufuna kukaphunzira za tizilombo kapena za nyenyezi. Choncho mnyamata amene sayansi inkamuyendera bwino anatsala pakhomo anzake akunyamula masutikesi. Patapita zaka zoposa 30, mu 2001, anaitanidwa ku Stockholm kukalandira mphoto ya Nobel ya zamankhwala pamodzi ndi Leland Hartwell ndi Tim Hunt, chifukwa chotulukira chimene chimauza selo kuti nthawi yogawika yakwana.

Ine ndimaphunzitsa Biology pa kakoleji kena ka eni ake kuno ku Harare, komwe ophunzira ambiri ndi obwereza mayeso. Lamulo lathu aliyense amalidziwa pamtima: ma O-level asanu, ndipo Chingerezi chikhalepo. Popanda C wa Chingerezi, uphunzitsi iwala, unesi iwala, ngakhale sayansi utaikhoza bwanji. Chaka ndi chaka ndimakhala ndi ana amene angakujambulire mtima wa munthu ndi mitsempha yake osasuzumira m'buku, koma pepala la Chingerezi la ZIMSEC amalemba mu June, kulembanso mu November, chaka chinacho chimodzimodzi, mpaka makolo kutopa ndi ndalama zolembetsera. Ambiri a iwo m'nyumba amalankhula Chichewa ndi agogo, pamsewu Chishona, Chingerezi n'chachitatu. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amafotokoza mbiri ya Nurse ngati ya munthu amene anapambana chifukwa sanagwe mphwayi. Kulimbikira analimbikira, maulendo 6, Chifalansa osatheka. Anamulowetsa ku yunivesite ndi munthu wina amene anawerenga kalata yake.

Anabadwa pa 25 January 1949 ku Norwich, nakulira ku Wembley, kumpoto chakumadzulo kwa London. Bambo a pakhomopo anayamba ndi ntchito za m'nyumba za anthu olemera, kukonza zowonongeka ndi kuyendetsa galimoto ya abwana, kenako anakhala makaniko pa fakitale ya zakudya ya Heinz. Mayi anali khukhi, pambuyo pake ankagwira maganyu oyeretsa. Ife a ku Mabvuku ndi Tafara ntchito zimenezi sitichita kufotokozeredwa. Malokeshoni athuwa anadzaza ndi anthu ophika, ochapa ndi olima maluwa m'nyumba za azungu ku Highlands ndi Greendale, ndipo ambiri anali ochokera ku Nyasaland. Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza m'masiku a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963, ndipo anaphika ku Salisbury, Harare wa lero, mpaka ukalamba. M'nyumba zotere sukulu imalemekezedwa kwambiri, koma palibe amene amadziwa kuti njira ya ku yunivesite imadzera kuti, kapena kuti ikatsekeka umakadandaula kwa yani.

Atakanidwa, Nurse analowa ntchito mu labu ya kampani ya mowa ya Guinness, kukonza msuzi wolereramo yisiti ndi tizilombo tina kuti akatswiri azigwiritsa ntchito. Kumeneko n'kumene manja ake anazolowera za mu labu. Ndiye pulofesa wa za chibadwa pa University of Birmingham, John Jinks, anaona kalata yake yofunsira malo, namuitana kuti acheze. Atamumva, anakakambirana ndi akuluakulu a yunivesite kuti lamulo la Chifalansa lija alipinde chifukwa cha mnyamata ameneyu. Nurse analowa, ndipo mu 1970 anatuluka ndi digiri ya Biology. Ndikaganiza za Jinks ndimayamikira, komanso mtima umandiwawa, chifukwa lamulolo sanalithetse, anangolizembetsa mwana mmodzi. Enawo amene makalata awo sanafike pa tebulo lake anakalambira m'mafakitale. Akuluakulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma mwambiwu umathandiza pokhapokha wamkuluyo ali ndi mphamvu yosainira, ndiponso nthawi yowerenga kalata mpaka pansi.

PhD anakachitira ku University of East Anglia, ku Norwich komwe anabadwira, naimaliza mu 1973. Ntchito yake inali yoyeza ma amino acid, tizidutswa topangira mapuloteni, mu yisiti pa makina ovutavuta ofuna kuwalondera, ndipo polondera paja ankawerenga zimene Hartwell ankatulukira ku America pa yisiti wophikira buledi. Funso la Hartwell linamugwira: selo limadziwa bwanji kuti tsopano ligawike?

Funsoli limaoneka laling'ono mpaka utakhala nalo pansi. Aliyense wa ife anayamba ali selo limodzi, pomwe munthu wamkulu ali ndi maselo pafupifupi 30 thililiyoni. Onsewo anabwera chifukwa limodzi linagawika kukhala awiri, awiriwo kukhala anayi. Selo lisanagawike liyenera kukula, kukopera DNA yake yonse kamodzi kokha, kenako kugawa makope awiriwo mofanana kwa ana ake. Likafulumira kugawika lisanamalize kukopera, anawo amafa kapena amatuluka opunduka. Likamangogawika thupi lisakufuna, imeneyo ndiye khansa. Pofika 1970 ndondomekoyi anthu ankaiona pa maikulosikopu ndipo anali ataipatsa mayina, koma chimene chimaiyendetsa chinali chisanadziwike.

Nurse anasankha yisiti wina, osati wa buledi. Dzina lake ndi Schizosaccharomyces pombe, ndipo amene anayamba kumufotokoza ndi Mjeremani wina, Paul Lindner, mu 1893, atamupeza mu mowa wa mawere wa kum'mawa kwa Africa. Yisiti wa buledi amaberekana potulutsa kamphukira pambali. Uyu ayi: ndi wautali ngati kandodo, amakula kumapeto konse kuwiri, ndipo akafika pa msinkhu wake amaduka pakati. Ubwino wake ndi woti ukangoona kutalika kwa selo, wadziwa pamene lafika pa ulendo wake. Ndiponso sachedwa, amagawika maola awiri kapena atatu alionse. Nurse anakaphunzira kaye chibadwa cha yisitiyu kwa Urs Leupold ku Bern, kenako anapita ku Edinburgh ku labu ya Murdoch Mitchison, komwe anakhala pafupifupi mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1970.

Njira yake inali yowononga dala. Ankathira yisiti mankhwala osokoneza majini, malangizo a chibadwa olembedwa mu DNA, kenako n'kufunafuna maselo amene amakhala bwinobwino pa madigiri 25 koma pa madigiri 36 amalephera kugawika. Maselo oterewa sasiya kukula, amangotalika ngati ulusi osaduka. Majini owonongekawo anawatcha cdc, n'kumawapatsa manambala. Koma panali vuto. Taganizani kombi pa renki ya Market Square. Itaphulika tayala sinyamuka, mafuta atatha sinyamuka, koma si tayala kapena mafuta amene amalamula nthawi yonyamuka. Amalamula ndi hwindi, amene amayang'ana ngati mipando yadzaza asanamenye chitseko. Kombi imene yangoima singakuuze kuti vuto ndi tayala kapena ndi hwindi. Koma ukaona kombi ikunyamuka ili ndi anthu anayi okha, wadziwiratu kuti cholakwika chili pa wolamulayo.

Zimenezi n'zimene Nurse anaona tsiku lina pa maikulosikopu: maselo amene ankagawika asanafike msinkhu, ali pafupifupi theka la kutalika kwa anzawo. Anawatcha wee, mawu a ku Scotland onena za kanthu kakang'ono, ndipo analemba za iwo mu 1975. Atasonkhanitsa ambiri otere, anapeza kuti onse awonongeka pa jini imodzi yomweyo, wee1. Ankafuna ina yosiyana. Iye mwini amafotokoza kuti tsiku lina anaona timaselo tating'ono pa kambale kamene kanali katachita chuku, ndipo poona kuti kupatula yisiti pakati pa chukucho ndi ntchito yaikulu, anakataya m'bini n'kupita kunyumba. Mtima sunakhale m'malo. Anabwerera, nakatola. Yisiti wa pa kambale kameneko anali wowonongeka pa jini ina, ndipo atafufuza anapeza kuti ndi cdc2, imene ankaidziwa kale. Apa m'pamene panagona nkhani yonse. Jini ya cdc2 ikafa, selo siligawika. Ikachangamuka mopitirira, selo limagawika msanga. Chinthu chimene chingathe kuimitsa komanso kufulumizitsa, chimenecho ndiye cholamula.

Ophunzira anga amakonda gawo la bini chifukwa limamveka ngati mwayi. Ine ndimawauza kuti mwayi unalipo, koma munthu amene sanathe miyezi akuyang'ana maselo aatali sakanazindikira kuti aafupiwa ndi ofunika. Akanangoti ndi zinyalala.

Mu 1980 anasamukira ku University of Sussex, ndipo mu 1982 gulu lake linasonyeza kuti cdc2 ndi jini yomweyo imene Hartwell anaitcha CDC28 mu yisiti wa buledi. Mu 1984 Walter Bodmer, mkulu wa zofufuza ku Imperial Cancer Research Fund ku London, anamulemba ntchito kumeneko. Nayenso Bodmer anayang'ana kupyola pepala, chifukwa panali ofunsa kuti munthu wa yisiti akudzatani pa malo ofufuza khansa. Yankho linabwera mu 1987, ndipo ntchito yake anaigwira ndi manja ndi Melanie Lee, wofufuza wa mu labu ya Nurse. Anatenga yisiti amene cdc2 yake imafa kukatentha, namulowetsa majini a munthu osiyanasiyana, kenako anakweza kutentha. Maselo pafupifupi onse analephera kugawika, koma ochepa anapitiriza kuberekana ngati palibe chachitika. Anali atalandira jini ya munthu imene inagwira ntchito m'malo mwa yawo yakufayo. Atawerenga puloteni imene jiniyo imapanga, anapeza kuti ikufanana ndi ya yisiti pa magawo oposa 60 pa 100 alionse. Munthu ndi yisiti anasiyana njira zaka zoposa biliyoni imodzi zapitazo, koma kachipangizo kolamula kugawika kwa selo sikanasinthe kwenikweni, moti ka munthu kamakwana mwa yisiti. Lero jini imeneyi imatchedwa CDK1. Pa zoyesa zonse za sayansi zimene ndimaphunzitsa, ichi n'chimene chimandiimitsa tsitsi mpaka pano.

Mbali inayo ya chithunzi inachokera kwa anthu ena. Mu 1982 Tim Hunt, ali ku Woods Hole ku America, ankafufuza mazira a sea urchin, kanyama ka m'nyanja yamchere kokhala ndi minga thupi lonse. Anaona puloteni ina imene imachuluka pang'onopang'ono kenako n'kuzimiririka mwadzidzidzi nthawi iliyonse dzira likamagawika, naitcha cyclin. Kale mu 1971 Yoshio Masui anali atapeza m'mazira a chule chinthu chimene chimakankhira selo ku kugawika, osadziwa kuti n'chiyani, ndipo cha m'ma 1988 zinadziwika kuti chinthucho ndi cdc2 yolumikizana ndi cyclin. Kagwiridwe kake ntchito n'kotere: CDK, puloteni imene cdc2 imapanga, imamata kachidutswa kotchedwa fosifeti pa mapuloteni ena, ndipo fosifetiyo imawadzutsa kapena kuwagoneka. Payokha CDK siichita kanthu mpaka cyclin atabwera. Ngakhale atabwera, puloteni ya wee1 imaigwira kaye poimata fosifeti yoletsa, mpaka ina yotchedwa cdc25 itachotsa fosifetiyo. Ntchito ikatha cyclin amaphwanyidwa, zonse n'kuyambiranso. Masui analandira mphoto ya Lasker mu 1998 pamodzi ndi Nurse ndi Hartwell, koma Nobel sagawira anthu oposa atatu pa mphoto imodzi, ndiye mu 2001 dzina lake silinamveke. La Melanie Lee silinamvekenso. Mphoto zili ndi malamulo ake a pepala, ndipo nazonso zimasiya anthu panja.

Nanga zonsezi zimamukhudza bwanji mayi wa ku Epworth? Khansa ya khomo la chiberekero ndi imene imagwira amayi ambiri kuposa ina iliyonse ku Zimbabwe ndi ku Malawi komwe, ndipo imayamba ndi kachilombo ka HPV. Mitundu iwiri yokha, 16 ndi 18, imayambitsa pafupifupi 70 pa 100 ya khansa imeneyi. Kachilomboka kamapanga mapuloteni awiri, E6 ndi E7. E7 imagwira Rb, puloteni imene imaletsa selo kuyamba kukopera DNA mpaka ma CDK ataloleza. E6 imaphwanyitsa p53, imene imaimitsa selo lowonongeka kapena kuliuza kuti life. Ziwirizi zikachoka, selo la pa khomo la chiberekero limangogawika popanda wolifunsa. Zimenezi sitikanazimvetsa bwino pakanapanda anthu amene anayamba ndi yisiti ndi mazira a chule.

Koma tisanamizane. Nurse sanapeze mankhwala a khansa, ndipo chidziwitso chimayenda pang'onopang'ono. Palbociclib, mankhwala otsekereza CDK4 ndi CDK6 pa mtundu wina wa khansa ya m'mawere, anavomerezedwa ku America mu 2015, patatha zaka 40 kuchokera pamene analemba za timaselo ta wee, ndipo mtengo wake si wa anthu ogulitsa tomato ku Mbare Musika. Zimene zimatifika ife ndi zina: katemera wa HPV, amene Zimbabwe inayamba kupereka kwa atsikana dziko lonse mu 2018 ndipo Malawi mu 2019, ndi kuyezetsa kwa VIAC, kumene anamwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero n'kuona ngati pali malo oyera. Amayi a kwathu amene amaletsa ana awo katemera ameneyu pomva mphekesera za pa WhatsApp, ndimalakalaka atakhala m'kalasi mwanga tsiku limene ndimajambula Rb pa bolodi.

Zaka zotsatirazo Nurse anakhala bwana wa mabungwe, ndipo mbali imeneyi sindikhalitsapo. Anakhala pulofesa ku Oxford mu 1988, anabwerera ku Imperial Cancer Research Fund mu 1993 nakhala mkulu wake mu 1996, analandira ulemu wa Sir mu 1999, anatsogolera Cancer Research UK itangopangidwa mu 2002, anapita ku New York mu 2003 kukakhala pulezidenti wa Rockefeller University, anatsogolera Royal Society, bungwe lalikulu la asayansi ku Britain, kuyambira 2010 mpaka 2015, ndipo anali mkulu woyamba wa Francis Crick Institute, imene nyumba yake inatsegulidwa ku London mu 2016. Ndalama zina za Nobel anagulira njinga yamoto.

Pepala lachiwiri linamupeza ku New York, ali ndi zaka 57. Anafunsira green card kuti akhazikike ku America, ndipo anamukaniza. Munthu wa Nobel, Sir, mkulu wa yunivesite, anamubweza chifukwa satifiketi yake ya kubadwa inali yaifupi, yopanda mayina a makolo. Anaitanitsa yaitali kuchokera ku Britain. Itafika, pa mzere wa mayi panalembedwa dzina la munthu amene moyo wake wonse ankamudziwa kuti ndi mlongo wake wamkulu. Pa mzere wa bambo panalibe dzina. Mtsikanayo anatenga pathupi asanafike zaka 20, anamutumiza ku Norwich kwa achibale kukachira mwachinsinsi, ndipo makolo ake anatenga khandalo n'kulilera ngati lawo. Makaniko wa ku Heinz ndi khukhi uja anali agogo ake. Pamene ankadziwa zimenezi, onse atatu anali atamwalira. Iye mwini amaseka kuti katswiri wa za chibadwa anatha zaka zoposa 50 osadziwa chibadwa chake.

Ife zidzukulu za matchona nkhani ya mapepala timaidziwa kuposa mmene timafunira. Mu 2001, chaka chomwe Nurse ankalandira Nobel, lamulo la unzika la Zimbabwe linasinthidwa. Anthu anapatsidwa miyezi 6 kuti akane unzika wa dziko lina motsatira malamulo a dzikolo, ndipo mmene linkagwiritsidwira ntchito, lamuloli linagwira ngakhale ana obadwira kuno amene ku Malawi sanapondeko phazi. Zitupa za ambiri zinali ndi chilembo cha A, kutanthauza mlendo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonza zimenezi mu gawo 43: wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe, amene kholo lake limodzi linali nzika ya dziko la SADC, ndipo iye amakhala kuno, ndi nzika yobadwa nayo. Malamulo omwewo anaika Chichewa pa mndandanda wa zinenero 16 zovomerezeka, ndipo chili poyambirira penipeni. Komabe kusowa pepala kumayenda m'magazi ngati jini. Agogo analibe chitupa, mayi sanapeze birth, satifiketi ya kubadwa ija, mwana nayenso alibe, ndipo vuto limadzaonekera pamene mwanayo akufuna kulembetsa mayeso.

Nkhani ya Nurse ndinawafotokozera azakhali anga a ku Mufakose, ndikuyembekezera kuti adabwa. Sanadabwe.

"Iwe, zimenezo n'zachilendo? Mumsewu muno mokha ndingakuwerengere nyumba," anatero. Ankanena za atsikana amene amatenga mimba ali pa sukulu, agogo n'kutenga mwana, mwina n'kumulembetsa m'dzina lawo chifukwa ndiwo ali ndi chitupa, kapena kuti mtsikanayo abwerere ku sukulu. Chimene chinawakwiyitsa ndi kubisa. "Bambo akhoza kusowa, koma mimba imadziwika. Mwana samubisira mayi ake."

Ndinawauza kuti achimwene ake a Nurse tsiku lomwelo anasanduka amalume ake.

"Ndiye akudandaula chiyani? Amenewo ndiwo eni mbumba. Anakulira kwawo kwenikweni."

Pa mwambo wathu akunena zoona. Kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mzere wopanda dzina la bambo sumulanda mudzi, manda kapena womuimira pa milandu. Kuno ku Harare tazunguliridwa ndi anzathu amene amawerengera mtundu ndi mutupo kuchimuna, ndipo ambiri a ife tinatengera zomwezo, koma azakhali sanasinthe. Ngakhale zili choncho sindinawavomereze zonse. Ndinati: "Azakhali, mudzi sanataye, koma taganizani mayi ake. Anakwatiwa mwanayo asanakwanitse zaka zitatu, nachoka pakhomo, ndipo moyo wawo wonse ankamva mwana wawo akuwaitana ngati mlongo. Anamwalira asanauzane chilichonse." Pali chithunzi cha tsiku la ukwatiwo chimene Nurse amachitchula, mkwatibwi atagwira mwamuna wake dzanja limodzi, dzanja linalo atagwira kamnyamatako.

Azakhali anati zimenezo n'zimene iwo akunena, kuti cholakwa ndi chinsinsi, osati kulera. Kenako anandikumbutsa kuti mdzukulu wawo amene akumulera, mwana wa msuweni wanga amene ali ku Cape Town, chaka chamawa alowa Giredi 6 ndipo birth alibe. Khadi la ku chipatala lilipo, analisunga m'Baibulo. Anandipempha kuti ndidzawaperekeze ku ofesi ya kalembera, poti ine mafomu ndimawamva msanga. Tinagwirizana kuti tidzapite mayi ake a mwanayo akabwera pa Khirisimasi, chifukwa chitupa chawo n'chimene amayamba kufunsa.